Achimwene Anga a Patepi

Amuna anga a Peterson anagula kamera chaka chimene ine ndinkayembekezera kuti tifolera nyumba ndi malata. Anapita ku Limbe m'mawa akunena za malata, madzulo n'kutsika minibasi atakumbatira chikwama chakuda ngati mwana wodwala. Chinali chikamera chachikale chija choika paphewa, chomeza tepi yathunthu ya vidiyo, ndipo mwini wake woyamba ayenera kuti anachigulitsa akuseka. Ndinawafunsa ngati chimatchinga mvula. Anandiyankha kuti vuto langa ndine munthu wosaona patali. Mwina ankanena zoona, koma denga lathu linadonthabe zaka zingapo.

Kamerayo inkatidyetsa ndithu, ngakhale sinatikhutitsepo. Ife a Sabata maukwati timachita Lamlungu, choncho kukakhala ukwati bambo a Jean, amuna angawo, ankakwera njinga, kamera kumsana, batire la galimoto pakaliyala, ulendo wa kumishoni kapena kumidzi ya kwa Nchilamwela. Ankajambula akwati akulowa, anthu akufupa, azakhali akulira, ndipo tepi yomweyo ndi imene ankasiyira eni ukwati. Mkati mwa sabata ankakonza mawailesi pakhonde pathu, pakamsika kamene kali kunja kwa geti la esiteti. Koma ukawafunsa ntchito yawo sankatchula mawailesi kapena maukwati. Ankati ndi opanga mafilimu, ndipo ankanena osaseka, pamene filimu ndi imodzi yomwe anali asanapangepo.

Filimuyo inali m'mutu mwawo, ndipo ine ndinaimva mpaka kutopa nayo. Inali nkhani ya mlonda wa pa esiteti amene akugwira wakuba nkhuni m'nkhalango ya bulugama, n'kupeza kuti wakubayo ndi mchimwene wa mkazi wake. Amupereke kwa abwana, kapena amusiye ntchito imuthere? Nkhani yonse inali pomwepo. Woti akhale wakuba mufilimumo anamupeza msanga, bambo wina wa kufakitale dzina lake Ronnie, amene nkhope yake inkaoneka ya wakuba ngakhale ali m'tchalitchi. Pa mlonda sanayang'ane kutali. Anasankha achimwene anga aakulu, a Ephraim.

Amene sanawaone a Ephraim masiku amenewo sangamvetse chifukwa chake ndikulemba izi. Anali othyola tiyi, munthu wamtali, wachifuwa chachikulu, woti dengu lawo pasikelo ankakwezera anthu awiri. Akaseka kumunda, ife kumsika tinkadziwa kuti aseka ndani. Bambo athu atamwalira ndiwo anatilera, ndipo pa ukwati wanga ndiwo anaima kutsogolo monga mwini mbumba. A Peterson atawauza za filimu anavomera asanamve n'komwe nkhani yake. Anangofunsa ngati mlondayo amamenya munthu.

Nthawi yojambulira ndi imene inali yosowa. Mkati mwa sabata anthu ali kumunda ndi kufakitale. Loweruka ife sitigwira ntchito, ndipo a Peterson sakanakhudza kamera pa Sabata ngakhale atawalonjeza galimoto. Lamlungu m'mawa achimwene ndi anzawo ali kutchalitchi kwawo, pakuti ine Sabata ndinachita kulowera pa ukwati. Kunkatsala Lamlungu masana basi, ndipo nalonso likakhala la ukwati kamera inkapita kukasaka chakudya.

Panali vuto linanso. Kamera yathu inkaona padzuwa pokha. Ukalowa nayo m'nyumba za kampani, za tiwindo tija tating'ono, inkangotulutsa mdima woyankhula. Ndiye a Peterson anaganiza nzeru: ayambe ajambula zonse zochitikira panja, zam'nyumba adzajambule akadzapeza nyali yamphamvu, kenako adzalumikize. Anati ndi mmene amachitira akatswiri. Palibe anatsutsa, chifukwa palibe mwa ife anali ataonapo katswiri.

Chilimwe cha 1999 tinajambula zapanja zonse. Ndikuti tinajambula chifukwa batire ndinkasenza ndine, pamutu, ndi nkhata, ndipo nsalu zanga zabwino zinabooka ndi asidi. Lamlungu lina kunkagwa chiperoni osaona ndi phiri lomwe. Lina batire linkatha mlonda ali pakati pa mawu. Lina wakuba ankapezeka ataledzera moti sakanatha kuba ngakhale chitsotso. Ine ndinkadandaula njira yonse, popita ndi pobwera, a Peterson akungoti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma tsiku lina zonse zinagwirizana. Linali tsiku lojambula mlonda akuthamangitsa wakuba. Ronnie anatuluka m'bulugama ndi mtolo wa nkhuni paphewa n'kuliyatsa liwiro kutsetsereka ndi munda wa tiyi. Achimwene anavula malaya n'kumutsatira. Anadumpha ngalande yaikulu ya madzi ija osayang'ana n'komwe pansi, anamupeza Ronnie patsinde pa chitunda, n'kumunyamula iye ndi nkhuni zake zomwe, akupalasa miyendo m'mwamba. Anthu a kukomboni amene anabwera kudzaonerera anaimba nthungululu. Ndi akapitawo a achimwene omwe, a Fackson, anali pomwepo akuomba m'manja. Titafika kunyumba a Peterson anaonera malo amenewo pakadiso ka kamera mobwerezabwereza mpaka batire linatheratu. Anati filimu ikadzatuluka, ku Blantyre adzawadziwa.

Kenako mvula inagwa, tiyi anaphuka, othyola anayamba kuweruka atatheratu. Kunabwera maukwati, kunabwera maliro, kamera inadwala n'kukagona kwa mmisiri ku Limbe. Nyali inapezeka chaka chotsatira, ya lole ina imene inagubuduka pamsewu wa ku Makwasa. A Peterson anailumikiza kubatire, n'kuimangirira pamtengo woti ine ndiziugwira. Zam'nyumba tinayamba kujambula pamene panali patatha pafupifupi chaka chijambulireni zapanja.

M'chaka chimenecho achimwene anali atayamba kudwala. Zinayamba ndi mashingozi, kenako chifuwa chosamva mankhwala, kenako m'mimba. Nthendayi tonse tinkaidziwa, pakuti inali itatenga kale anthu ambiri mumzere wa nyumba zawo, koma palibe ankaitchula dzina. Mankhwala ake nthawi imeneyo tinkangowamvera pawailesi. Ife apabanja tinkaona kuti atsikako thupi, koma munthu amene umamuona sabata iliyonse saonda pamaso pako. Umangoona lamba wasuntha bowo, n'kumati ndi ntchito.

Chimene chinkawasowetsa mtendere sichinali imfa. Inali nyumba. Pa esiteti mvula ikatha tiyi amachepa, ndipo kampani imapumitsa othyola ambiri. Amene akhalitsa amawalola kukhalabe m'nyumba za kampani kudikira mvula yoyamba, pamene akapitawo amasankha oti alembedwenso. Wosalembedwa amatuluka m'nyumba. Ndipo kapitawo sasankha munthu woti akagwera m'munda dengu lili kumsana. Achimwene anali ndi akazi awo a Teleza ndi ana anayi. Kwawo kwa a Teleza, ku Mphuka, kunali kamunda kapaphiri kamene akulu awo ndi ang'ono awo anali atagawana kale mpaka kutsala malo ogona mbuzi. Akanalembedwanso chaka chimodzi chokha, mwana wamkulu akanamaliza pulayimale ali ndi denga.

Choncho anayamba kubisala m'zovala. Ankavala malaya awiri ndi jekete pamwamba, ngakhale dzuwa la October likuswa mtengo. A Teleza anasokerera tizigamba m'mapewa mwa jeketeyo kuti aziima. Podutsa pa nyumba ya a Fackson ankayenda mwachangu, akupereka moni mokweza, chifuwa n'kukachitsokomolera kuseri kwa tchalitchi. Ndinkawaona akuchita zimenezi ndipo zinkandipweteka kwambiri, koma nanenso ndinkathandiza nawo. Munthu akandifunsa ndinkati anadwala malungo, panopa ali bwino.

Zam'nyumba zitatha, a Peterson anatenga matepi awo kupita ku Thyolo Boma, kwa munthu wina woonetsa mavidiyo amene anali ndi madeki awiri. Kumeneko ndi kumene analumikiza filimu yonse patepi imodzi. Asanapite anali atalengeza kale paliponse. A Fackson anali atawapemphera holo ya pa esiteti kwa abwana, tsiku litadziwika, ndipo kukomboni konse nkhani inali imeneyo. Ndinkayembekezera kuti abwera akuimba. Anabwera mwakachetechete, chakudya osachikhudza. M'mawa mwake anakabwereka sikirini ndi deki kwa mwini golosale, n'kundituma kuti ndikaitane achimwene ndi alamu anga, awiri okha.

Tinatseka chitseko dzuwa lili pamutu n'kukhala pansi anayi. Filimu inayamba bwino. Mlonda akutsika kanjira ka m'tiyi, chimunthu, khosi ngati la ng'ombe, akuimba mluzu. Afika pakhomo pake, akankha chitseko, alowa. Ndiyeno m'katimo amene akutseka chitsekocho ndi munthu wina. Jekete ndi yomweyo, mawu ndi omwewo, koma masaya alowa, maso akula, khosi likusambira mukolala. Ayankhula ndi mkazi wake, atenga chibonga chake, atsegula chitseko, ndipo panja patuluka chimunthu chija. Zinali choncho filimu yonse. Akalowa m'nyumba ankatha, akatuluka ankadzaza. Chaka chathunthu chimene ife tinachiona pang'onopang'ono, kamera inachiika pakhomo limodzi.

A Teleza anagwira pakamwa ndi nsalu. Ine ndinayang'ana pansi. Achimwene okha ndi amene anaonera mpaka pamapeto, osaphethira.

Itatha ndinalusa. Ndinawauza a Peterson kuti chinthu chimenechi sichituluka m'nyumba muno, kuti ukatswiri wawo uja ndi umenewu, ndi zina zambiri zimene mkazi amanena akapsa mtima ali ndi mantha. Anangokhala atagwira tepi yawo pamiyendo. Amene anandiletsa ndi achimwene.

"Vailet, khala chete kaye. Akapanda kuonetsa, anthu afunsa chifukwa chake, ndipo yankho alipeza okha." Anatembenukira kwa a Peterson. "Alamu, woondayo alibe mlandu. Anthu andizolowera chonchi. Amene akundiulula ndi wonenepayo. Mchotseni ameneyo."

Maganizo awo anali oti zapanja zonse zijambulidwenso, iwo ali mmene analili tsopano, kuti panja ndi m'nyumba akhale munthu mmodzi. A Peterson anafotokoza kuti matepi atsopano alibe, kuti maukwati anali atasowa, ndipo ogulira sakanawapeza tsiku lisanafike. Achimwene anati ndiye bwino, ajambule pamwamba pa akalewo, ndipo tepi yolumikizidwa ija nayonso idzafufutidwe polumikizanso. A Peterson anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti asunge pothamanga paja, abise m'sutikesi, asaonetse munthu.

"Tepi ili ndi miyendo, alamu," anatero achimwene. "Lero ili m'sutikesi, mawa wina wabwereka. Ine ndili ndi ana."

Zaka zonsezo ndinali ndikuwaseka amuna anga ndi kamera yawo, koma tsiku limenelo ndinawamvera chisoni. Pa zonse zimene anajambulapo m'moyo mwawo, chinthu chimodzi chokha chimene chinaoneka ngati filimu yeniyeni chinali chimenecho. Kenako anafunsa ngati batire lili ndi moto.

Tinajambulanso Malamulungu amene anatsala. Ronnie ndi enawo tinawauza kuti matepi oyamba anachita nkhungu ndi chinyezi cha denga lathu, ndipo pa bodza limenelo denga linatithandiza, pakuti aliyense ankalidziwa. Tinkasankha malo akutali ndi komboni kuti oonerera achepe. Dzuwa linkawotcha, tiyi ali wotuwa ndi fumbi, achimwene ali mujekete yawo thukuta likuyenderera. Mawu awiri atatu, chifuwa. A Peterson ankaimitsa, tidikire, ayambirenso. Malo amene chaka chatha tinkajambula tikuseka, tsopano tinkajambula tikuyang'ana kumbali.

Tsiku la pothamanga linafika. A Peterson anaika tepi ija mukamera, n'kuibweza mpaka poyambira. Ndinawaona akuika diso pakadiso kaja, ndipo ndinadziwa kuti akuonera komaliza. Sanaitane aliyense kuti aone nawo. Atatha anabwezanso, anakweza kamera paphewa, chala chili pabatani lofiira. Chinakhala pamenepo osadina mpaka achimwene anafunsa ngati kamera yafanso.

Ronnie anatuluka m'bulugama ndi mtolo wake. Achimwene anamutsatira, jekete ili m'thupi. Ronnie atacheuka n'kuona mtunda umene wawasiya, anayamba kuchepetsa liwiro, kunamizira kupunthwa, kugwetsa nkhuni n'kumatola. Sindinaonepo wakuba wodikira mlonda chotero. Pangalande paja achimwene anayesa kudumpha. Anagwera m'kati, n'kukhala momwemo akupuma ngati munthu womira. Ndinataya batire n'kuthamangira. Anandikankha dzanja, n'kuwauza alamu awo kuti asazimitse.

Koma a Peterson anali atazimitsa kale. Anakhala pansi m'mphepete mwa ngalande n'kusintha nkhani yawo pomwepo. Mlonda sathamangitsanso munthu. Amabisala kuseri kwa mtengo, wakuba akamadutsa n'kungomugwira pamkono. Anatiuza kuti chonchi ndiye zikuoneka zanzeru, kuti mlonda wochenjera sataya mphamvu. Ronnie anavomereza msanga kwambiri. Pobwerera anasenza batire ndi iyeyo, osapemphedwa.

Tsiku loonetsa holo inadzaza mpaka pakhomo. Mawindo anatchinga ndi masaka kuti mukhale mdima, jenereta ikulira panja, sikirini ili pampando umene anausanjika patebulo. M'katimo munkatentha ngati mu uvuni, koma palibe anatuluka. Anthu akadziona okha kapena nyumba zawo ankakuwa. Ronnie atangoonekera anamuseka mpaka ana kugwa pabenchi. Ine sindinkaonera filimu. Ndinkaonera msana wa a Fackson, amene anakhala kutsogolo ndi akapitawo anzawo.

Mlonda anatsika kanjira, anakankha chitseko, analowa. M'katimo anali yemweyo. Ndinapuma. Zoona, kamera ikayandikira sinkasamala za jekete, inkapita pakhosi ndi pamasaya, ndipo pasikirini zinkaoneka kwambiri kuposa pamsewu. Koma panalibe womuyerekeza naye. Anali munthu woonda basi, ngati anthu ena ambiri oonda. Pamene mlonda ankayankhula m'holo munkakhala bata, ndipo ine ndinkati ndi kukoma kwa nkhani. Pogwira wakuba paja anthu anadikira, ena mpaka kuimirira. Mlonda anatuluka kuseri kwa mtengo n'kugwira mkono. Amene anaimirira anakhala pansi mmodzimmodzi. Filimu itatha anaomba m'manja nthawi yaitali. A Teleza anandifinya dzanja n'kundinong'oneza kuti Mulungu watiyankha.

Panja anthu anawazungulira achimwene, akuwagwira chanza, akuwatchula kuti amlonda. Iwo ankaseka, ataima chowongoka, ndipo kwa kanthawi anaoneka ngati akale aja. Ine ndi a Peterson tinkamanga zingwe kumbali. A Fackson anatipeza pamenepo. Sanali munthu woipa. Chaka chomwecho anali ataika mwana wawo wamkazi, nthenda yake yomweyi. Anavula chipewa n'kutipatsa moni.

"Mwagwira ntchito, a Peterson. Koma pothamanga paja mwapasiyiranji? Ine ndinabwera kudzaona pamenepo."

A Peterson anayamba za nkhungu ndi denga. A Fackson anamvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu, maso ali kwa achimwene.

"Pepani kwambiri," anatero motsitsa mawu. "Anthu onsewa amafuna amuonenso mmene analili."

Anavala chipewa n'kumapita. Ine ndinatsala nditagwira chingwe. Ndinayang'ana anthu aja ozungulira achimwene, mmene ankawagwirira chanza mosamala, mmene amayi ankasekera maso ali onyowa, ndipo ndinazindikira kuti panalibe ndi mmodzi yemwe amene tinamubisira kanthu. Ankadziwa za malaya awiri. Ankamva chifuwa kuseri kwa tchalitchi. Ankangotisungira ulemu, monga mmene ifenso tinkasungira anzathu m'nyumba zina. Sitinawauze achimwene zimene a Fackson ananena.

Mvula yoyamba itagwa, m'mawa wa tsiku lolemba anthu achimwene anameta ndevu, anavala malaya awo awiri ndi jekete, n'kukaima pamzere kuofesi. A Fackson sanawachititse manyazi pagulu. Anawatengera kuseri, n'kuyankhula nawo m'Chilomwe kwa nthawi yaitali. Anati iwo akanakonda, koma abwana amayang'ana zimene munthu anathyola miyezi yomaliza, ndipo sikelo inali itanena kale. Chimene akanatha n'kuwapempherako masabata angapo kuti asamuke mosathamanga. Achimwene anathokoza, anabwerera kunyumba, anavula jekete n'kuipachika pamsomali. Sanaivalenso.

Tinawaperekeza ku Mphuka pa matola, katundu yense atakwana pakona imodzi pamodzi ndi nkhuku. Abale a a Teleza anawapatsa kakhitchini kakale koti agonemo onse asanu ndi mmodzi. Mwana wamkulu sukulu anasiyira pomwepo, n'kuyamba maganyu m'minda ya nthochi. Filimu ija inaonetsedwanso kamodzi ku Thyolo Boma, kwa anthu osawadziwa a Ephraim, ndipo anadandaula kuti mulibe ndewu. Ku Blantyre sinafikeko. A Peterson anabwerera ku maukwati ndi mawailesi, ndipo munthu akawafunsa ntchito yawo anayamba kuyankha kuti amajambula maukwati.

Tinkapita kukawaona tikapeza mpata. Ulendo womaliza tinawapeza atawagoneka pamkeka panja, pamthunzi wa mpeyala, ana akusewera chapatali. Anali atatha moti mkeka unkaoneka waukulu. Tinacheza za mvula, za Ronnie amene anali atalowa kwaya, za denga lathu. Kenako anakodola a Peterson kuti ayandikire, pakuti mawu anali atachepa.

"Alamu, paja munafufuta zonse?"

"Zonse, alamu."

"Ndi pothamanga pomwe? Simunabiseko?"

A Peterson anayang'ana kwa ine. Ndikanakonda akanakhala munthu wosamvera, wakuba, wabodza. Koma amuna anga anali atachita ndendende zimene anauzidwa.

"Sindinabise."

Achimwene anatseka maso, kenako anawatsegula n'kuyang'ana kumene kunali ana. Wamng'ono kwambiri anali asanayambe n'kuyankhula bwino.

"Chabwino," anatero. "Ndimati mwina aka kadzaone kuti bambo ake ankathamanga."